Mwana akagwa masamu, nthawi zambiri wapunthwa pa mawu

TETE. Ku Ulóngwe ndi ku Tsangano si zachilendo kuona mwana wa zaka 10 akugulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, n'kubweza chenje osaphonya ngakhale metikali imodzi. Koma mwana yemweyo akalowa m'kalasi, masamu amamugwetsa. Makolo amati mwanayo ndi wosamva, pomwe chamugwetsa ndi mawu a funso.

Funso likhoza kukhala lotere: mlimi wakolola matumba 12, wagulitsa 5, atsala angati? M'Chinyanja mwana ayankha msanga kuti 7. Likalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo iye sadziwa kuti "sobram" ndiye kuti "atsala", amangowonkhetsa manambala awiriwo n'kulemba 17.

Vutoli si lalero. Nkhondo itatha mu 1992, mabanja ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga adabwerera kuchokera ku Malawi ali ndi ana amene adayamba sukulu m'Chichewa. Kuno adapeza phunziro lililonse lili m'Chipwitikizi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE lidayesa ntchito yotchedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'zinenero ziwiri: Chinyanja ndi Chipwitikizi m'chigawo cha Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 boma lidayamba kulowetsa maphunziro otere m'sukulu zina za pulayimale. Pa dongosolo la chaka chimenecho, mwana ankaphunzira m'chinenero cha kwawo makalasi atatu oyamba, ndipo Chipwitikizi chinkayamba kutenga malo m'kalasi yachinayi.

Pamene chinenero chikusintha m'pamene ana ambiri amatayika, ngati kuwerenga kwangosiyidwa pa ola la chinenero lokha. N'chifukwa chake phunziro lililonse liyenera kukhalanso phunziro la kuwerenga ndi kulemba.

Njira yake sifuna ndalama. Pa masamu, mphunzitsi asathamangire manambala. Ana awerenge funso mokweza, alinene m'mawu awoawo, kenaka apeze liwu limene likuwauza chochita: kuwonkhetsa, kuchotsera kapena kugawa. Pa sayansi, mwana abwere ndi mmera wa chimanga, aujambule m'kope, alembe muzu ndi "raiz", tsinde ndi "caule", tsamba ndi "folha". Pomaliza alembe ziganizo ziwiri za zimene waona, osati kungokopera za pa bolodi.

Maphunziro a pulayimale amene adakhazikitsidwa mu 2004 adapatula magawo 20 pa 100 a nthawi ya sukulu kuti ana aphunzire za kwawo. Apa agogo angafotokoze kamangidwe ka nkhokwe kapena mbiri ya mudzi, ana n'kulemba okha zimene amva.

Kunyumba nako zowerenga zilipo, ngakhale kulibe buku. Pali thumba la feteleza, paketi ya mbewu, khadi la sikelo la mwana wakhanda, buku la nyimbo za kutchalitchi. Kholo losadziwa kuwerenga lingauze mwana kuti aliwerengere, ndipo afotokoze zimene zalembedwazo. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti wangotchula mawu, ndipo kholo lapeza nkhani yokakambirana ndi aphunzitsi.

Mwana amene lero akuwerenga funso la masamu n'kulimvetsa, ndiye amene mawa adzawerenge muyeso wa mankhwala a mbewu ndi pepala la wogula fodya, asanaikepo dzina lake.