Kodi kamera ingateteze nyumba ku Lunho?

Kale makamera oyang'anira nyumba tinkangowaona pa mabanki ndi pa masitolo akuluakulu a ku Lichinga. Masiku ano kuli ang'onoang'ono, oyendera mphamvu ya dzuwa, amene amatumiza zithunzi pa foni ya mwininyumba ngakhale iye ali kutali. Choncho msodzi wa ku Lunho amene anathyoleredwapo nyumba, kapena mwini baraka wa ku Messumba amene amagona mtima uli pa katundu wake, akhoza kufunsa kuti: kodi ndigule kamera? Yankho ndi lakuti kamera imathandiza, koma ntchito yake ndi ya mboni. Imaona ndi kusunga zimene yaona. Wakuba imamusiya apite. Musanatulutse ndalama zanu, dziwani zimene ingachite ndi zimene singachite.

Chuma cha kunyanja chimagona panja

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, katundu wa mtengo wapatali kawirikawiri sakhala m'chipinda chogona. Injini ya boti, khoka la chilimira, mabatire ndi nyali zophera usipa, sola ya padenga, njinga yamoto, mbuzi, ndi usipa umene wayanikidwa, zonsezi zimakhala pabwalo, m'kanyumba kosungiramo zinthu kapena kugombe. Kamera yoloza pakhomo la nyumba siingaone munthu amene akumasula injini kunyanja.

Nthawi imene nyumba imatsala yokha imadziwikanso ndi aliyense. Mwezi ukakhala kumdima, amuna amachezera panyanja usiku wonse. M'nyengo ya mvula mabanja amatandala kumunda. Pali maliro, mapemphero, ndi ulendo wa ku chipatala ku Metangula. Wakuba wodziwa nthawi zimenezi nthawi zambiri si mlendo. Ndi munthu amene anaonapo pamene mumabisa kiyi, kapena anamva kuti mwagulitsa nsomba ndipo ndalama zili m'nyumba. Apa ndiye pamene kamera ili ndi mphamvu: munthu wodziwika m'mudzi amaopa kwambiri kuti nkhope yake ioneke.

Mmene kamera imagwirira ntchito

Pali mitundu iwiri imene mungakumane nayo. Woyamba ndi wa makamera a mawaya, olumikizidwa ku kabokosi kosunga zithunzi m'nyumba. Amafuna magetsi osadukiza, ndipo magetsi a EDM akazima kapena Credelec ikatha, nawonso amazima, pokhapokha mutawaikira batire. Wachiwiri ndi kamera imodzi yokhala ndi sola yake, batire lake, kadi ya memori ndi malo oikamo SIM kadi. Umenewu ndi umene ungagwire ntchito kumene mawaya a magetsi sanafike.

Kamera ya sola siijambula tsiku lonse. Imakhala ngati yagona, ndipo imadzuka chinthu chikadutsa patsogolo pake. Ikatero imajambula kwa kanthawi kochepa, n'kusunga pa kadi, n'kutumiza uthenga pa foni. Usiku imagwiritsa kuwala kumene maso a munthu sakuona, ndipo zithunzi zake zimakhala zakuda ndi zoyera. Nkhope imazindikirika munthu akakhala pafupi, pa mamita ochepa chabe. Akakhala patali mumangoona chithunzithunzi cha munthu, chimene chingafanane ndi aliyense. Dziwaninso kuti kadi ikadzaza, zithunzi zatsopano zimafufuta zakale.

Zovuta za kuno kwathu

Choyamba ndi netiweki. Uthenga sungafike pa foni ngati pamene pali kamera palibe intaneti. Musanagule, imani pamalo penipenipo pamene mukufuna kuiika, muyese foni ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, muone ngati kanema akutseguka. SIM ya m'kamera imafunanso mamega mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imeneyi muiwerengere pamodzi ndi mtengo wogulira. Kumbukiraninso kuti uthenga ukakupezani muli pakati pa nyanja, pofika kumtunda wakuba adzakhala atapita kale. Ndi bwino kuti uthengawo uzifikanso pa foni ya wachibale kapena mnansi amene amagona pafupi.

Chachiwiri ndi nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitambo ya masiku angapo ikhoza kusiya batire lopanda moto. Mphepo ya mwera, m'miyezi yozizira, imagwedeza nthambi ndi zovala za pachingwe, ndipo makamera ena amadzuka pachabe mpaka batire kutha. Ndiye pali nkhungu. Zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala, zimaunjikana pagalasi la kamera, ndipo akangaude amatsatira n'kuluka ukonde pomwepo. Kamera yosapukutidwa imangojambula utsi. Ipukuteni ndi kansalu kofewa mlungu uliwonse, pamodzi ndi sola yake.

Chachitatu ndi chakuti kamerayo ndi katundu wobedwa. Wakuba akaizula n'kupita nayo, kadi ya memori imapita nayenso limodzi. Iikeni pamwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu, pamene dzanja silifika popanda makwerero, koma osati pamwamba kwambiri mpaka kumangojambula zipewa. Ilozeni panjira imene munthu sangailambalale, monga pachipata kapena pakhomo la kanyumba ka injini. Isayang'anizane ndi dzuwa lolowa, limene kuno limawala kwambiri pamadzi. Mukangoigula, sinthani nambala yachinsinsi imene inabwera nayo, chifukwa makamera a mtundu umodzi nthawi zina amatuluka ku fakitale ndi nambala yofanana. Ngati wina wakuikirani, musinthe iye atapita.

Yambani ndi chitseko

Kamera ya sola imadya masauzande angapo a meticais. Ndalama yomweyo ikhoza kukonza zinthu zimene zimamuchedwetsa wakuba, ndipo wakuba amadana ndi zinthu zitatu: kuchedwa, phokoso ndi kuwala.

Loko wamkulu pa chitseko chofumbwa ndi kutaya ndalama. Onani felemu ngati ili yolimba m'khoma. Chogwirira loko chimangidwe ndi mabawuti oboola thabwa mpaka mkati, osati misomali imene imazuka ndi chitsulo kamodzi kokha. Chitseko chakumbuyo chikhale ndi mpiringidzo, ndipo mazenera akhale ndi zitsulo, koma zenera limodzi likhale lotha kutsegulidwa cham'kati pakabuka moto. Injini ya boti imasulidwe n'kugona m'nyumba, kapena imangidwe ndi tcheni. Sola imangiriridwe padenga ndi mabawuti. Nyali ya sola imene imayaka yokha munthu akadutsa ndi yotsika mtengo kuposa kamera, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki. Galu nayenso sasowa mamega.

Lembani m'kope manambala a katundu wanu: nambala ya injini, ya njinga yamoto, ndi IMEI ya foni, imene imatuluka mukaimba *#06#. Sungani malisiti. Ikani chizindikiro chanu pamalo obisika pa khoka ndi pa batire. Katundu akapezeka pamsika kapena kutsidya kwa nyanja, zimenezi ndi zimene zidzatsimikize kuti ndi wanu. Ndalama za nsomba zisagone m'nyumba ngati mungathe kuziika pa M-Pesa kapena e-Mola.

Choposa zonse ndi mnansi. Mukamachoka, muuzeni mmodzi amene mumamukhulupirira, osati mudzi wonse, ndipo musalengeze ulendo wanu pa Facebook. Paja mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Asodzi a gombe limodzi akhoza kugwirizana zolondera mosinthana, kapena kusonkherana kamera imodzi yoyang'ana pamene maboti amagona, mogwirizana ndi amfumu ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi.

Zithunzi zipite kuti?

Kamera ili ndi malire pa malamulo. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 41, amateteza mbiri yabwino ya munthu ndi moyo wake wamseri, ndipo malamulo a milandu amene anakhazikitsidwa mu 2019 amalanga wojambula moyo wamseri wa ena popanda chilolezo. Kamera iyang'ane bwalo lanu. Isaloze m'bafa, pazenera la mnansi, kapena kugombe kumene amayi amasamba. Ngati muli ndi wantchito, muuzeni kuti pali kamera.

Mukabedwa, tulutsani kadi ya memori tsiku lomwelo zithunzi zisanafufutike, ndipo musazidule kapena kuzikonza. Musakhudze chitseko chothyoledwacho. Kaneneni kwa amfumu, ndipo kapereke dandaulo ku polisi yapafupi kapena ku Comando Distrital ya PRM ku Metangula. Kufufuza milandu ndi ntchito ya SERNIC, ndipo kuweruza ndi kwa khoti.

Choopsa chachikulu ndi kumwaza kanemayo pa WhatsApp. Chithunzi cha usiku chimanamiza: jekete lofanana kapena kayendedwe kofanana zikhoza kuchititsa kuti mwana wa mnzanu amenyedwe, mwina mpaka kufa, pa mlandu umene sakuudziwa. Ndime 59 ya malamulo aakulu imati woganiziridwa amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Omenya wakuba amakhala apalamula mlandu, ndipo wogula katundu akudziwa kuti ndi wobedwa nayenso ndi wolakwa.

Ngati ndalama ndi zochepa, tsatani dongosolo ili: chitseko ndi loko poyamba, kenako nyali, kenako mgwirizano ndi anansi. Kamera ibwere pomaliza, mutayesa netiweki pamalopo ndipo mutadziwa amene adzathamangire kunyumba uthenga ukalowa.