Kusuzumira Kapena Kujambula: Mkangano wa Okonda Nyenyezi

Madzulo ano ndati tikambirane za mkangano umene wabuka pakati pa anthu okonda kuyang'ana nyenyezi m'maiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Anthu amenewa si akatswiri olembedwa ntchito ayi. Masana ena ndi aphunzitsi, ena amakaniko, ena anapuma kale pa ntchito. Koma dzuwa likangolowa amatulutsa zipangizo zawo pabwalo nayamba kusuzumira kumwamba kufikira tambala woyamba. Tsono mkangano wawo wagona pa funso ili: kodi munthu amene waona nyenyezi pa galasi la lamya ya m'manja, tinganene kuti waionadi?

Kuti funsoli limveke, tiyambire pa chipangizo chakale choonera zinthu zakutali, chimene chimatchedwa telesikopu. Chinadziwika koyamba mu 1608 ku Holland, m'manja mwa Hans Lipperhey, mmisiri wa magalasi a maso. Chaka chotsatira Galileo Galilei wa ku Italy anapanga chake, ndipo mu Januwale 1610 anaona miyezi inayi yozungulira dziko la Jupiter. Mu 1668 Isaac Newton anapanga telesikopu ya mtundu wina, yosonkhanitsa kuwala ndi kalilole wolowa m'kati ngati mbale, m'malo mwa galasi.

Anthu ambiri amayesa kuti ntchito ya telesikopu ndi kukulitsa zinthu. Iyai, ntchito yake yaikulu ndi kusonkhanitsa kuwala. Mvula ikamagwa, munthu amene watchera chipande ndi mnzake amene watchera beseni satunga madzi ofanana. Kamwana ka diso lathu, ngakhale katatseguka kotheratu mu mdima, sikapitirira mamilimita 7 m'mimba mwake. Kalilole wa mamilimita 200 amasonkhanitsa kuwala kochuluka kuposa pamenepo maulendo 800 ndi mphambu. Ndicho chifukwa chake okonda nyenyezi akakumana safunsana kuti, "Yako imakulitsa kangati?" Amafunsana kukula kwa kalilole.

Kale kalilole wamkulu anali wa anthu achuma okhaokha. Amene anasintha zimenezi ndi John Dobson, yemwe anabadwira ku China mu 1915 nakhala zaka zambiri m'nyumba ya anthu odzipatula chifukwa cha chipembedzo ku California. Iyeyu ankapera yekha magalasi ochotsedwa pa mazenera a sitima zapamadzi kufikira atasanduka akalilole, nawaika m'mipope ya makatoni, naikhazika pa bokosi lamatabwa lotembenuka ndi dzanja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 iye ndi anzake anayamba kuimika zipangizo zotere m'misewu ya San Francisco, nkumaitana aliyense wodutsa kuti adzaone mwezi kwaulere. Anamwalira mu 2014, koma telesikopu za mtundu umenewu zimatchedwabe ndi dzina lake. Zilibe batire, zilibe waya. Mwini wake ayenera kulidziwa thambo monga momwe munthu wa paulendo amadziwira njira: kuchokera pa mlambe kufika pa chulu, kuchokera pa chulu kufika pa dambo. Amayambira pa nyenyezi yowala imene akuidziwa, nkumadumpha kuchoka pa ina kupita pa ina mpaka atapeza chimene akufuna. Akachipeza sichikhalitsa, pakuti dziko lathu limatembenuka madigiri 15 pa ola lililonse. Motero ayenera kumakankha mpopewo pang'onopang'ono usiku wonse.

Tsopano kwabwera mlendo, amene kumeneko akumutcha smart telescope, ife tingati telesikopu yochenjera. Makampani a Unistellar ndi Vaonis a ku France ndiwo anatsogola, koma imene inagwedeza anthu ndi Seestar S50 ya kampani ya ZWO ya ku China, imene inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 500. Kulemera kwake sikufika makilogalamu 3, ndipo galasi lake ndi la mamilimita 50 okha. Ilibe posuzumira. Pamene panayenera kukhala diso pali kamera, ndipo chithunzi chimapita pa lamya ya mwini wake. Mukaikhazika pansi, iyo yokha imajambula kachigawo ka thambo, nkufananiza nyenyezi zimene zatuluka ndi mapu amene inasunga m'kati mwake, ndipo ikatero yadziwa kumene yaloza. Inu mungosankha dzina pa lamya, iyo nkutembenuka yokha, nkumachilondola chinthucho pamene thambo likuyenda.

Apa mwina wina afunsa kuti, nanga kagalasi ka mamilimita 50 kangapikisane bwanji ndi kalilole wa mamilimita 200, amene amasonkhanitsa kuwala kochuluka maulendo 16? Yankho lake ndilo pagona nkhani yonse. Diso la munthu silisunga kuwala. Limalandira, nkutaya, nkulandiranso kwina, ngati dengu lotungira madzi. Kamera imasunga. Seestar imatsegula kwa masekondi 10, nkutseka, nkutsegulanso, ndipo chithunzi chilichonse chatsopano imachisanja pamwamba pa zakale. Pa ola limodzi zithunzi zingafike mazana atatu. Timadonthomadontho tosokoneza timene timakhala pa chithunzi chimodzi timagwa malo osiyanasiyana nthawi iliyonse, kotero timafafanizana; pamene kuwala kwenikweni kumagwa pamalo amodzimodzi, nkumaunjikana. Lamulo lake ndi lakuti mukafuna chithunzi choyera kawiri, mudikire nthawi yotalika kanayi. Chipande chija chikagonera panja usiku wonse chimaposa beseni limene latcheredwa kamphindi.

Tiyeni titenge chitsanzo chimene aliyense angachipeze. Pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija makolo athu anazitcha Akamwiniatsatana pali kamtambo ka mpweya ndi fumbi m'mene mukubadwa nyenyezi zatsopano, kamene Azungu amakatcha Orion Nebula. Kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kutipeze. Mukakasuzumira pa telesikopu ya Dobson kamaoneka kotuwa ngati utsi, mwina kobiriwira pang'ono, chifukwa mbali ya diso imene imagwira ntchito mu mdima siizindikira mitundu. Telesikopu yochenjera ikakalozako mphindi zisanu zokha, pa lamya pamatuluka mtambo wofiira ngati maluwa. Ambiri amene anagula telesikopu zazikulu atakopeka ndi zithunzi za m'mabuku anakhumudwa pa chifukwa chimenechi, ndipo zipangizo zawo zinathera kuseri kwa chitseko.

Komatu tikafika pa mwezi ndi maiko anzathu ozungulira dzuwa, mbiri imatembenuka. Maiko amenewa ndi owala kale, safuna kudikira. Chimene amafuna ndi kukulitsidwa, ndipo kukulitsa kwabwino kumadalira kukula kwa kalilole ndi kutalika kwa njira ya kuwala m'kati mwa mpope. Pa Seestar njirayi ndi mamilimita 250. Pa Dobson ya mamilimita 200 kawirikawiri imakhala 1,200. Motero Saturn pa lamya amangooneka ngati kambewu ka mpunga, pamene posuzumira pa kalilole wamkulu mphete yake imaoneka yakuthwa ngati yochekedwa ndi lumo, ndipo Jupiter amaonetsa mizere yake ndi miyezi ija ya Galileo. Ine ndinamuona Saturn koyamba ndili ku sukulu ya zauphunzitsi, pa telesikopu ya mlendo wina amene anadzacheza. Ndinachotsa diso ndi kukayang'ana kukamwa kwa mpope, poganiza kuti bamboyo wamatapo chithunzi. Zithunzi za Saturn ndaziona zambiri chiyambire, zina zokongola koposa, koma palibe chimene chinandiimitsa mutu monga usiku umenewo.

Pamenepa ndi pamene a gulu la kusuzumira amaimikapo phazi. Iwo amati kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda kwayenda zaka 2.5 miliyoni, ndipo ukasuzumira, ulendo wonsewo umathera m'diso mwako. Koma ukayang'ana pa lamya, ukuona kuwala kwa lamya. Amadandaulanso kuti diso limatenga mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, tsono mnzako akayatsa lamya pambali pako wakuonongera zonse. A gulu linalo amayankha kuti anthu ambiri masiku ano amakhala m'mizinda momwe magetsi anameza thambo, kotero kuti ngakhale Mlalang'amba wathu sauona. Kumeneko kalilole wamkulu amasonkhanitsa kuwala kwa magetsi pamodzi ndi kwa nyenyezi, pamene telesikopu yochenjera ili ndi kasefa kamene kamalola kuwala kwa mitambo ya mpweya ija ndi kutsekereza kwina kochuluka. Amakumbutsanso za okalamba amene maso awo anafooka, ndi za ana amene satha kulunjika diso pa kabowo.

Palinso gulu lachitatu, la akatswiri ojambula thambo ndi makamera aakulu ndi makina olemera otsata nyenyezi. Awa anaononga ndalama zambiri ndi zaka zambiri pophunzira, ndipo zithunzi zawo zikali zoposa ndithu. Kung'ung'udza kwawo nkomveka: chimene iwo anachikhetsera thukuta, mwana wa sukulu akuchiyandikira tsiku loyamba.

Amene amati zipangizo zatsopanozi ndi zidole chabe akulakwa. Mu Seputembala 2022, pamene bungwe la NASA linawombetsa dala chombo cha DART pa mwala wa mumlengalenga wotchedwa Dimorphos, anthu wamba a pa chilumba cha Réunion ndi ku Kenya anajambula kuwala kwa kugundako ndi telesikopu za Unistellar, ndipo miyeso yawo inalowa m'zolemba za akatswiri. Koma ndi zoonanso kuti amene anatulukira nyenyezi yophulika mu mlalang'amba wa M101 mu Meyi 2023, Koichi Itagaki wa ku Japan, ndi munthu amene wakhala akulondera thambo kwa zaka makumimakumi. Luso lotere silibwera m'bokosi limodzi ndi chipangizo.

Maganizo anga ndi awa. Mphunzitsi amene ali ndi ana 60 m'tauni, telesikopu yochenjera imuthandiza, chifukwa onse aona nthawi imodzi. Koma munthu wa kumudzi kwathu kuno, kumene usiku ukali wakuda bii, ali kale ndi chuma chimene anzathu aja amachiyendera mitunda yaitali pa galimoto. Iyeyo asayambe ndi chinthu chofuna magetsi ndi lamya yodula. Ngakhale Dobson ili ndi zovuta zake: ndi yolemera, imadana ndi fumbi, ndipo akalilole ake amafuna kuwongoledwa kawirikawiri. Ayambe ndi magalasi a maso awiri oonera patali aja amanyamula oyang'anira nyama zakuthengo.

Nyengo yabwino ndi ya chisanu, kuyambira Meyi kufikira Julayi, utsi wa moto wa kutchire usanadzaze mlengalenga. Tulukani usiku wopanda mwezi, muyang'ane kumwera, mupeze nyenyezi zinayi zopanga mtanda. Chapamwamba pake, cha kumanzere pamene mtandawo waima chilili, muona kanthu kotuwa ngati nyenyezi yonyowa. Imeneyo ndi Omega Centauri, mulu wa nyenyezi mamiliyoni ambiri, umene anzathu a ku England sangauone ngakhale atagula chipangizo cha mtengo wotani.