Masewera a pa foni ndi ubongo wa agogo

Amalawi amene amagwira ntchito m'nyumba za ku Randburg, kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, samangosamalira maluwa ndi kuchapa. Ena amasamalira okalamba, ndipo amaona agogo akusewera pa foni masewera amene amati amanola ubongo. Wantchito akakumbukira mayi ake kumudzi amene ayamba kuiwalaiwala, amadzifunsa ngati nkoyenera kuwagulira foni yotere pa malipiro ochepa omwewo.

Masewerawa anatchuka mu 2005 pamene kampani ya Nintendo inatulutsa Brain Age ku Japan. Mu 2010, ofufuza a ku Britain motsogozedwa ndi Adrian Owen anafalitsa zomwe anapeza atayesa anthu 11,430 kwa milungu isanu ndi umodzi. Anthuwo anazolowera masewerawo ndithu, koma pa mayeso ena a kukumbukira ndi kuganiza sanapose anzawo. Mu 2016 boma la United States linalipiritsa eni ake a Lumosity madola 2 miliyoni chifukwa cholonjeza popanda umboni kuti masewera awo amatchinjiriza ku matenda oiwala.

Komabe si onse achabechabe. Mu 2013, Adam Gazzaley ndi anzake ku San Francisco anapereka NeuroRacer kwa anthu a zaka 60 mpaka 85. Wosewera amayendetsa galimoto pamsewu wokhotakhota uku akutchera maso ku zikwangwani. Atasewera maola 12 pa mwezi umodzi, okalambawo anayamba kuchita bwino zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo lusolo linalipobe patatha miyezi isanu ndi umodzi. Koma oyesedwawo anali ochepa.

Umboni wolemera uli kwina. Lipoti la Lancet la 2024 linatchula zinthu 14 zimene zikapewedwa, matenda oiwala angachepe kapena kuchedwa ndi pafupifupi 45 peresenti. Mwa izo muli kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva, kusaona bwino ndi kukhala payekha.

Chomalizachi nchimene alangizi a kumudzi angathane nacho lero, makamaka kumene nkhalamba yoiwala imasalidwa ndi kunenedwa ufiti. Bawo amafuna kuwerengera nkhomo ndi kuganizira patsogolo, ndipo munthu sasewera yekha. Safuna magetsi kapena mayunitsi: thabwa, kapena maenje okumba pansi pa mtengo, ndi mnzawo wa agogo wobwera madzulo alionse.