Maluwa a patebulo: phindu lagona pa madzi

Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, anthu amakhamukira kunyanja. Malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear amadzaza, ndipo matebulo odyera amafuna maluwa. Apa pali msika, koma nyengo yomweyi dzuwa la ku Mangochi limafotetsa duwa tsiku lisanathe. Wogula akaona maluwa atazolika, sakuitananinso.

Chimapha duwa lodulidwa ndi ludzu. Kamtengo kake kali ndi timitsempha tokoka madzi. Tikatsekeka ndi mpweya kapena ndi tizilombo ta m'madzi akuda, duwalo limafota ngakhale lili m'botolo lodzaza.

Choncho dulani maluwa m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo muwaike m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo. Powaika m'botolo, duleninso kunsi mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa. Chotsani masamba onse amene angamire, chifukwa ndiwo amaola ndi kununkhitsa madzi. Pa lita imodzi thirani supuni yaing'ono ya shuga ndi madontho ochepa a Jik. Shuga amadyetsa duwa, Jik amapha tizilombo. M'nyengo yotentha sinthani madzi tsiku lililonse.

Pokonza, yambani ndi nthambi za masamba, muzipingase kuti zigwire maluwa. Nthambi yaitali ipose kutalika kwa botolo kamodzi ndi theka. Maluwa akuluakulu akhale m'munsi, ang'onoang'ono m'mwamba. Patebulo lodyera ikani afupiafupi kuti alendo azionana nkhope.

Sankhaninso bwino katundu. Duwa la hibiscus limatha tsiku limodzi, bougainvillea amayoyoka msanga, pomwe heliconia ndi masamba a kanjedza amapirira masiku angapo. Oleander ndi wa poizoni, asafike pafupi ndi chakudya. Musadule nthambi m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, ndi mlandu.

Inu amene mumagulitsanso zipatso, musasunge maluwa pafupi ndi nthochi kapena mango akupsa. Zipatsozi zimatulutsa mpweya wokalambitsa maluwa.

Poika mtengo, werengerani thiransipoti, maluwa amene angaonongeke panjira, ndi ntchito ya manja anu. Botolo kapena mphika muzibwereketsa ndi chikole. Kuposa kugulitsa kamodzi, pangani mgwirizano ndi mwini malo woti muzibwera kudzasintha maluwa kawiri pa sabata, malipiro pakutha pa mwezi.