Mkuwa ndi Wathu, Koma Akuufufuza ndi Ena

Magetsi ofika pa boma la Chadiza amayenda mtunda wautali kuchokera ku Kariba ndi Kafue Gorge, ndipo ena amathera m'njira. Waya aliyense, kaya wamkuwa kaya wa aluminiyamu, amakaniza magetsi pang'ono n'kuwasandutsa kutentha. N'chifukwa chake chaja ya foni imafunda ikakhalitsa pa soketi. Koma zilipo zinthu zotchedwa superconductor, zimene zikazizira kwambiri kukaniza kuja kumatheratu. Heike Kamerlingh Onnes anaona zimenezi ku Leiden mu 1911, pa madigiri 269 pansi pa ziro. Mu 1986 Georg Bednorz ndi Alex Müller a kampani ya IBM ku Zurich anasakaniza mkuwa, okosijeni, lanthanum ndi barium, n'kupeza chinthu chouma, chosachedwa kusweka ngati mbiya, chochita zomwezo pa kuzizira kocheperako. Pofika 1987 akatswiri ena anali atakonza china chogwira ntchito pa madigiri 180 pansi pa ziro, kuzizira kumene naitirojeni wamadzi, wotsika mtengo, amakukwanitsa.

Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero akatswiri sanagwirizane chifukwa chimene zinthu za mkuwazi zimachitira zimenezi. Chodziwika n'chakuti m'timizere ta mkuwa ndi okosijeni ma elekitironi amayenda awiriawiri, koma chowamanga pamodzi ndicho mkangano: ena amati ndi mphamvu ya maginito, ena amati kunjenjemera kwa maatomu kumathandizira. Pofuna kudziwa, amawombera chinthucho ndi kuwala kwa laser kuti awiriawiri aja alekane, kenaka amatumiza kuwala kwachiwiri kukaona momwe akubwererana. Zonsezi zimachitika m'gawo limodzi mwa magawo miliyoni miliyoni a sekondi. Maginito ndi maatomu salandira mphamvuyo pa liwiro limodzi, choncho nthawi ndiyo ingaulule chomangacho. Ine ndikuti Zambia, dziko lachiwiri pokumba mkuwa mu Africa, iyenera kukhala ndi ana ake m'zipinda zoyeserazo.

Wina anganene kuti mlimi wa ku Chadiza akufuna feteleza, mjigo ndi sola, ndipo mdima wa 2024 unadza chifukwa madzi anachepa ku Kariba. N'zoona, palibe waya amene angadzaze damu, ndipo waya wa superconductor ngwodula: wa mumzinda wa Essen ku Germany, woyalidwa mu 2014, unali kilomita imodzi yokha. Koma mtengo wake uli mu luso lowukonza, pakuti mkuwa wolowamo ngwochepa, ndipo wogulitsa mkuwa wosakonza amapeza zotsalira basi. Makina a laser aja sitingagule mawa. Chimene tingathe ndi kuika zida zoyesera ndi mphunzitsi wa physics wokhazikika m'sukulu za sekondale za m'boma lino, ndi kulipirira ophunzira a University of Zambia ndi Copperbelt University kuti akagwire ntchito kumene makinawo ali, ndi malo owadikira akabwerako.