Za Malonda a Apple m'Sukulu, ku America ndi Kuno

Pa msika wa Lizulu, pamene msewu wa M1 ulondola malire a Malawi ndi Mozambique, wogulitsa kachewere amanenerera mtengo pamaso pa wogula, ndipo wogulayo aipima mbatata m'manja asanatulutse ndalama. Malonda a makompyuta m'sukulu sali otero. Mwana amene adzagwira chipangizocho alibe mawu pa mtengo wake. Wogula ndiye boma kapena mabungwe othandiza, ndipo iwowo amawerenga ana m'zikwizikwi, kotero kuti kusiyana pang'ono pa chipangizo chimodzi kusanduka chuma chambiri.

Kampani ya Apple ya ku America inazindikira kale kuti mwana wozolowera makina ake adzawafunanso atakula. M'chaka cha 1983 inapereka kompyuta imodziimodzi kwaulere ku sukulu pafupifupi 9,000 za ku California, ndipo dzina lake linamveka m'makalasi zaka zambiri. Koma pofika 2016 zinthu zinali zitatembenuka: pa makina onyamulika 100 alionse amene analowa m'sukulu za m'dzikomo chaka chimenecho, 58 anali a Chromebook, otsika mtengo, oyendera maprogalamu a Google, a Apple anali 19 okha.

Kuno nkhani inayenda njira yofananako. Mu 2013 ana a pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe anaphunzira masamu pa iPad kwa milungu isanu ndi itatu, ndipo Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anapeza kuti anapambana anzawo amene anaphunzira mwa masiku onse. Bungwe la VSO linafalitsa ntchitoyo ku sukulu zina. Koma iPad ndi chipangizo chokwera mtengo, chopangidwira nyumba za magetsi, pamene sukulu zambiri za kumudzi zidalira dzuwa. Tsono pamene Unduna wa Zamaphunziro unayamba ntchito ya BEFIT mu 2023, kuyambira ndi sukulu 500, matabuleti amene anagawidwa anali a Android. Cholinga chake ndi kufikira ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma, ndipo za ku Lizulu zili m'chiwerengero chimenecho.

Chofunika kwa mphunzitsi wa chilankhulo ndi ichi: chimene chinaphunzitsa ana a ku Biwi sichinali chitsulo ndi galasi ayi, koma mawu a Chichewa otuluka m'katimo, olangiza mwana kuwerenga zinthu ndi kuloza ndi chala. Maphunzirowo sanali a Apple. Mwini wake ndi bungwe la onebillion la ku London. Sileti ikasweka, phunziro lilembedwa pa sileti ina. Momwemonso mawu aja anasamutsidwira pa chipangizo chotsika mtengo, ndipo Apple inatsala kunja kwa msika umene inathandiza kutsegula.