Kamfuti ka mpweya kophunzirira pakhomo: mugule konyansa maonekedwe

Pa 30 July 2024, m'tauni ya Châteauroux ku France, bambo wa imvi wa ku Turkey anaima pamzere wa mpikisano wa Olimpiki atavala tisheti wamba ndi magalasi a masiku onse. Dzanja lamanzere linali m'thumba, lamanja litatambasula kamfuti. Yusuf Dikeç, wa zaka 51, anapata mendulo ya siliva pamodzi ndi mnzake Şevval İlayda Tarhan, ndipo chithunzi chake chinazungulira m'mafoni mpaka kwa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti kuwombera chandamale ndi masewera.

M'mfuti imene anagwirayo mulibe onga. Imaponya kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5, kolemera pafupifupi theka la galamu, ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Chandamale ndi pepala lokhala pa mtunda wa mamita 10, ndipo kabwalo kapakati, kopatsa mapointi 10, n'kotambalala mamilimita 11.5 okha, kosaposa chikhadabo cha chala cha mkombaphala. Munthu amawombera ali chiimire, ndi dzanja limodzi, maulendo 60 m'mphindi 75. Masewerawa analowa mu Olimpiki mu 1988 ku Seoul.

Kwa ife amene tinakula legeni ili m'khosi, mfuti ndi ya apolisi, asilikali, mbava, kapena gogodela wa mlenje wa kumudzi. Choncho Mmalawi amene wangofika ku Leeds kapena ku Johannesburg amadabwa kuona timfuti ta mpweya tili pagalasi m'sitolo yogulitsa mbedza ndi matenti. Ena amangodutsa. Ena, makamaka amene nyengo yachisanu imawatsekera m'nyumba dzuwa litalowa 4 koloko, amayamba kufunsa mtengo. Mfuti za akatswiri, zopangidwa ndi makampani monga Steyr wa ku Austria, Morini wa ku Switzerland kapena Feinwerkbau wa ku Germany, zimadutsa mapaundi 1,000. Wongoyamba sazifuna zimenezo. Vuto lake n'lakuti pa mashelufu a zotchipa, chimene chimakopa maso si chimene chimaphunzitsa.

Lamulo lisanafike thumba

Ku England ndi Wales, munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo angathe kugula kamfuti kam'manja ka mpweya popanda laisensi, bola mphamvu yake isapitirire ma joule 8.1, amene Angerezi amawerenga kuti ma foot-pound 6. Kugula kwake n'kwa pamaso ndi pamaso: lamulo la Violent Crime Reduction Act la 2006 linaletsa ogulitsa kungotumiza mfuti papositi, ndiye ngakhale mwaitanitsa pa intaneti, mukaitenga kwa wogulitsa wovomerezeka kapena akubweretserani yekha n'kuona chiphaso chanu. Mukawoloka malire kulowa ku Scotland, nkhani yasintha. Kumeneko, mwana wa zaka 2 ataphedwa ndi mfuti ya mpweya ku Glasgow mu 2005, anthu anakuwa mpaka lamulo linakhwima, ndipo kuyambira pa 31 December 2016 aliyense wosunga mfuti yotere ayenera kukhala ndi chiphaso cha apolisi. Ku Northern Ireland nakonso chiphaso n'chofunika.

Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 silifuna laisensi pa mfuti za mpweya za mamilimita 4.5, koma lomwelo limati kuloza munthu ndi mfuti yotere ndi mlandu, kuiwombera pamalo okhala anthu ambiri popanda chifukwa chomveka ndi mlandunso. Amene amakhala m'nyumba zogundana za lendi aganize kawiri.

Pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa anthu ambiri ku Britain: kachipolopolo kakangodumpha mpanda wanu n'kugwera kwa neba, mwalakwira lamulo, kaya kavulaza munthu kaya ayi. Ndiye musanafunse kuti ndigule iti, funsani kuti ndiwombera pati, ndipo kuseri kwa chandamale kuli chiyani.

Zokongola za pagalasi

Zimene zimagulidwa kwambiri ndi wongoyamba ndi zofanana ndi mfuti zenizeni. Kampani ya Umarex ya ku Arnsberg ku Germany imapanga zotengera Glock, Beretta ndi Colt, zolemera bwino m'manja, zina pamwamba pake pamabwerera m'mbuyo mukawombera ngati za m'mafilimu. Zimayendera kabotolo kachitsulo ka mpweya wa CO2 ka magalamu 12. N'zosangalatsa, palibe angatsutse. Koma zambiri mwa izo zimaponya timipira tachitsulo totchedwa BB kudzera mumpope wosalala m'kati, ndipo timipirati sitiyenda njira imodzi. Mukhoza kulunjika bwinobwino, kampira n'kupita kwake. Mukhoza kugwedera, n'kulasa pakati. Wophunzira sangadziwe ngati walakwa ndi iye kapena mfuti, ndiye aphunzirapo chiyani? Komanso chitsulo chikagunda khoma kapena thabwa louma chimanjanja n'kubwerera kumaso. Mtovu umaphwatalala n'kugwa.

CO2 nayenso ali ndi khalidwe lake. Mphamvu yake imadalira kutentha: pa madigiri 20 kabotolo kamakhala ndi mphamvu ya ma bar pafupifupi 57, koma m'galaja yozizira mu January imatsika, zipolopolo n'kumagwera m'munsi mwa pamene mwalunjika. Mukawombera mofulumira kabotolo kamazizira kokha, zotsatira n'zomwezo. Kabotolo kamodzi kamatha mukawombera maulendo makumi angapo, kenaka mugule kena. Mfuti yotchipa pogula imasanduka yodula poidyetsa. Zilipo za CO2 zolunjika bwino, monga Crosman 2240 ya ku America imene imalowa chipolopolo chimodzichimodzi mumpope wa mizere, koma imaphokosera ndithu, ndipo neba wa kuseri kwa mpanda adzakudziwani.

Mtundu wachiwiri ndi wa sipuling'i. Mumathyola mpope kapena kukoka chogwirira, sipuling'i n'kupanikizika. Mukakhethemula, imakankha mpweya. Webley Tempest ya ku Birmingham ndi Weihrauch HW45 ya ku Germany ndi zotchuka, zolimba, zosafuna kabotolo. Koma sipuling'i imadumpha chipolopolo chisanatuluke mumpope, ndiye mfuti imagwedezeka m'manja pa nthawi yomwe imafunika bata. Wozolowera amadziwa kuigwira mofanana ulendo uliwonse. Wongoyamba amangoona mabowo ali balala papepala, n'kugwa ulesi sabata yachiwiri.

Za mtundu wa PCP, zosunga mpweya wa ma bar 200 m'thanki, n'zabwino zedi ndipo akatswiri amagwiritsa zimenezi, koma pamwamba pa mtengo wa mfuti muwonjezerepo pampu yapadera yodula. Zidikire.

Yopopa kamodzi

Imene ine ndingauze wongoyamba kuti agule ndi yopopa kamodzi. Mumatsegula pamwamba pake ngati chitseko, kulowetsa chipolopolo kumbuyo kwa mpope, n'kutseka. Kutsekako ndiko kupopa: mpweya umapanikizika m'kachipinda kakang'ono n'kudikira. Mukakhethemula, kavalavu kamatseguka, basi. Palibe sipuling'i yodumpha, palibe kabotolo kogula, kuzizira sikuikhudza kwenikweni, ndipo mphamvu ya kuwombera koyamba ndi ya kuwombera kwa 100 n'chimodzimodzi.

Chitsanzo chodziwika ndi Weihrauch HW40, yopangidwa ku Mellrichstadt ku Germany, ndi m'bale wake wotchipa Beeman P17, yopangidwa ku China motengera yomweyo. P17 imapezeka pansi pa mapaundi 100. Thupi lake ndi pulasitiki wakuda, silinyadirika pagulu, ndipo mphamvu yake ndi yochepa: chipolopolo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 120 pa sekondi, ma joule osafika 4, osakwana theka la malire a lamulo la ku England. Kuboola pepala pa mamita 10 sikufuna zoposa pamenepo. Mphamvu yochuluka m'nyumba imangobweretsa phokoso ndi mabowo m'chitseko.

Chimene chimapangitsa kamfuti konyozekaka kukhala mphunzitsi ndi chokhethemulira chake. Chimayenda magawo awiri: chala chimakoka mopepuka, chifika pamene pakulimba pang'ono, kenaka mukawonjezera mphamvu pang'onong'ono chimamasuka mosagwedeza. Pa mpikisano lamulo limati chokhethemulira chisamasuke ndi mphamvu yochepera magalamu 500, ndipo opanga mfuti zodula amathera nzeru zawo zonse pa kachitsulo kameneka. Zofanizira za m'mafilimu zija zambiri zimafuna chala chikoke mwamphamvu ndi motalika, dzanja lonse n'kupotoka. Ubwino wina wa HW40 ndi P17 n'ngwakuti mukatsegula pamwamba pang'ono chabe n'kutsekanso, chokhethemulira chimatcheredwa popanda mpweya, ndiye mungathe kuyeserera chala pabalaza popanda chipolopolo. Ya sipuling'i mukaiwombera yopanda kanthu mumaiwononga.

Zovuta zake zilipo, ndipo wogulitsa sangathamangire kukuuzani. Kutseka kumafuna mphamvu, moti pofika ulendo wa 40 mkono umamva. Mwana kapena munthu wa nyamakazi zimuvuta. Mukagwira molakwika potseka, imakupanani khungu la chikhatho kapena malaya, ndipo ululu wake suiwalika. Malo olowetsera chipolopolo ndi opanikizika kwa wa zala zikuluzikulu. P17 imadziwikanso ndi kamphira kotsekera mpweya kamene kamatha msanga m'zina mwa izo. Kamphirako n'kotchipa ndipo kusintha kwake sikovuta, koma amene safuna zomasulamasula awonjezere ndalama agule ya ku Germany. Amene angapeze Baikal IZH-46M ya ku Izhevsk ku Russia kapena Gamo Compact ya ku Spain yogwiritsidwa kale ntchito koma yosamalidwa, asaisiye: zonsezi n'zopopa kamodzi, zokhala ndi chigwiriro chosemedwa molingana ndi dzanja.

Poyesa m'sitolo, yang'anani cholunjikira cha kumbuyo ngati chili ndi tizitsulo tosunthira m'mwamba, pansi ndi m'mbali. Apa mpamene pagona luso lonse. Kutsogolo kwa mpope kuli kansonga, kumbuyo kuli kampata. Kansonga kakhale pakati pa kampata, mitu yawo ifanane. Ngati ziwirizi zatalikirana masentimita 20, kansonga kakapatuka milimita imodzi yokha, chipolopolo chimaphonya ndi masentimita 5 pa mamita 10. N'chifukwa chake aphunzitsi amakakamira kuti diso likhale pa kansonga, chandamale chioneke mwachimbuuzi. Wongoyamba aliyense amachita zosiyana ndi zimenezi, poti mtima umafuna kuona pamene ukulasa.

Zotsala za m'thumba

Ndalama zimene mwapulumutsa pa mfuti zipite ku zinthu zimene anthu amaziiwala. Zipolopolo zikhale za mutu wophwatalala, zimene zimadula bowo lozungulira bwino papepala; chitini chimodzi chimakhala ndi 500, ndipo za RWS, H&N kapena JSB sizikhumudwitsa. Zosongoka mutu zimaoneka zaukali koma papepala zilibe phindu. Chipolopolo chimene chagwa pansi n'kupindika siketi yake chitayeni. Popeza ndi mtovu, musachiike pakamwa, musadye mukuwombera, ndipo musambe m'manja mukamaliza.

Chogwira zipolopolo mungathe kugula chachitsulo, koma chimalira ngati belu. Katoni yolimba yodzaza nsanza, makapeti akale kapena manyuzipepala othinana imagwira bwino ndipo ili chete. Muziyang'ana kumbuyo kwake kawirikawiri, poti malo amodzi akalasidwa maulendo mazana amabooka. Kuseri kwa katoniyo kukhale khoma la njerwa lokutidwa ndi kapeti, lotambalala mokwanira kugwira zophonya, osati zenera, chitseko kapena mpanda wa matabwa. Magalasi oteteza maso avale aliyense amene ali m'chipindamo, woonerera yemwe.

Mamita 10 si nyumba iliyonse ili nawo, ndipo musadandaule. Angerezi akhala akuwombera pa mayadi 6, mamita pafupifupi 5.5, kwa zaka zoposa 100. M'mabala a ku Birmingham ndi madera ozungulira munali mipikisano ya mfuti za mpweya yolasa kabelu kobisika kuseri kwa kabowo, ndipo ina ikuchitikabe. Mapepala a chandamale ochepetsedwa molingana ndi mtunda umenewu amagulitsidwa. Galaja kapena kanjira ka m'nyumba n'kokwana, bola zitseko zonse zolowera m'njira ya chipolopolo zikhale zokhoma. Amene ali pafupi ndi kalabu ya owombera apiteko asanagule kanthu. Makalabu ambiri a pansi pa National Small-bore Rifle Association ali ndi mfuti zobwereketsa kwa ophunzira, ndipo madzulo amodzi kumeneko angakuuzeni ngati masewerawa ndi anu.

Kusunga ndiye nkhani yosanyengerera. Ku England ndi Wales, kuyambira 2011, kulekerera mfuti ya mpweya pamene mwana wosakwana zaka 18 angaitenge popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo wosakwana zaka 14 sawombera popanda munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo womuyang'anira. M'nyumba zathu mmene ana a achibale amalowa ndi kutuluka Loweruka lililonse, pamwamba pa wadiropu si pobisa. Igone m'bokosi la loko, yopanda chipolopolo, zipolopolo zili kwina. Kuyenda nayo pamsewu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu ngakhale ilibe chipolopolo, ndipo wapolisi amene waiona patali alibe nthawi yofunsa ngati ndi ya mpweya. Wofuna kupita nayo kumudzi pa tchuthi ayambe wafunsa kampani ya ndege ndi apolisi a ku Malawi, yankho alilandire lolembedwa, asanaiike m'sutikesi yopita ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport.